Dzina la pa Pepala ndi Manja a pa Chiwongolero

Munthu woima pa mlatho wa Kamuzu Barrage ku Liwonde m'mamawa amaona galimoto zing'onozing'ono zikuwoloka mtsinje wa Shire motsatizana. Zina zimalunjika ku Balaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, zina ku Ulongwe ndi Mangochi, pamene zinanso zimakhala zikutsika kuchokera ku Ntaja ndi Nsanama zitadzaza anthu ndi matumba a mpunga. Mtsinje umenewu ndiwo malire a maboma a Machinga ndi Balaka, amene anali boma limodzi kufikira chaka cha 1998. Pa galasi lakutsogolo la galimoto zimenezi pamakhala kapepala kosonyeza kuti mwini wake analipira inshuwalansi. Wapolisi wa pamsewu akaona kuti masiku ake sanathe, amakweza dzanja, galimoto nkudutsa. Komatu kapepalako sikanena ngati amene wagwira chiwongolero ndiye yemwe kampani ya inshuwalansi inauzidwa.

Lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya m'Malawi kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, kuti woyenda pansi kapena wa panjinga akagundidwa apeze chipukuta misozi. Pofuna kudziwa ndalama zoti munthu alipire, kampani imafunsa mafunso pa fomu: galimotoyo idzagwira ntchito yanji, adzaiyendetsa masiku onse ndani, ali ndi zaka zingati, laisensi anatenga liti, ndiponso ngati anachitapo ngozi. Pamenepa pali anthu awiri osiyana. Woyamba ndi dalaivala wa masiku onse, amene galimoto imakhala m'manja mwake nthawi zambiri. Wachiwiri ndi wongowonjezeredwa dzina, monga mkazi kapena mwana wa mwini wake, amene amaigwira mwa apo ndi apo. Mnyamata amene wangotenga kumene laisensi amaonedwa kuti ngwapafupi ndi ngozi kuposa bambo wa zaka 55 amene sanagundepo ngakhale mbuzi. Momwemonso galimoto yonyamula anthu olipira imadula kuposa yongopitira ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku maliro.

Chinyengo chimalowera pa kusiyana kumeneku. Ku Britain, kumene inshuwalansi yokakamiza inayamba ndi lamulo la 1930, makolo ena amalembetsa dzina lawo ngati oyendetsa a masiku onse pamene galimoto ndi ya mwana wawo. Kumeneko mchitidwewu amautcha fronting, ndipo munthu akhoza kuimbidwa nawo mlandu pansi pa lamulo lothana ndi chinyengo la 2006. Kuno kwathu umavala malaya ena.

Mwachitsanzo, mnyamata wa ku Machinga amene akugwira ntchito ku Johannesburg asonkhanitsa ndalama natumiza kumudzi kuti agule Toyota Sienta yakale. Pa lamya auza atate ake kuti, "Bambo, mulembetse dzina lanu, ndipo munene kuti ndi yoyendera pakhomo. Mtengo wake utsika." Atatewo avomera, pakuti mwana akuthandiza banja ndipo kukana kungaoneke ngati kusathokoza. Koma makiyi apatsidwa kwa mphwawo wa zaka 22, amene tsiku ndi tsiku achita matola pakati pa Liwonde ndi Balaka, maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, galimoto ya mipando 7 itanyamula anthu 10. Pa pepala pali mabodza awiri: dalaivala si ameneyo, ndipo ntchito ya galimotoyo si imeneyo. M'banjamo palibe amene adziona ngati wakuba. Onse angoti achenjera pang'ono.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina tayala liphulika, galimoto igunda mayi wa panjinga nkugudubuzika, ndipo ovulala atengeredwa ku chipatala cha boma ku Liwonde. Apa ndi pamene kampani, imene inalandira ndalama mwakachetechete, iyamba kufunsa. Itenga lipoti la apolisi, limene linalemba dzina la woyendetsa ndi chiwerengero cha okwera. Itumiza munthu wake pa siteji, kumene woitanira aliyense amadziwa galimotoyo ndi dzina la mnyamatayo, koma sanaonepo mkulu uja pa chiwongolero. Ovulala nawonso anena poyera kuti analipira ulendo. Ngakhale makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto achitira umboni, chifukwa galimoto ya pakhomo siyenda mtunda wotere m'miyezi isanu ndi umodzi. Bodza limene linatenga mphindi imodzi polemba livumbuluka m'sabata imodzi.

Mphamvu ya kampani pokana kulipira siichokera pa nkhanza chabe, monga ambiri aganizira. Mizu yake ili pa mlandu wa Carter ndi Boehm umene unaweruzidwa ku London m'chaka cha 1766. Nkhani inali ya linga la ku chilumba cha Sumatra limene linalandidwa ndi Afalansa litaikidwa pa inshuwalansi. Woweruza, Lord Mansfield, anafotokoza kuti wofuna inshuwalansi ndiye amadziwa zoona zake za chinthu chimene akuteteza, ndipo kampani imangodalira mawu ake. Choncho kubisa mfundo yofunika kumapha pangano. Makhoti a m'Malawi, amene anatengera malamulo a ku England, amatsata mfundo yomweyo. Motero kampani ikhoza kukana kukonza galimoto ija, ngakhale banja linalipira inshuwalansi yaikulu yoteteza galimoto yeniyeniyo, ndi kuthetsa panganolo ngati kuti silinakhalepo.

Za ovulala nzovutirapo. Lamulo la pamsewu limalola wogundidwa kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, ndipo ichi nchitetezo chachikulu kwa mayi wa panjinga uja. Koma ndalama zimene kampani ingapereke zili ndi malire olembedwa m'pangano, ndipo zotsala zimagwera mwini galimoto ndi dalaivala. Kampani ikalipira chifukwa chokakamizidwa ndi lamulo, ikhozanso kutembenukira amene anainamiza kuti abweze. Okwera aja ndiwo ali pa mpanipani weniweni, pakuti kampani idzanena kuti sinalonjeze kuteteza anthu olipira ulendo, ndipo mkangano wotere umatha nthawi yaitali ku khoti, wothyoka mwendo ali gone kunyumba, munda ukumera thengo. Tsono samani imapita kwa yemwe dzina lake lili pa pepala. Mwana ali ku Johannesburg, mphwawo alibe kanthu, ndipo amene aima pamaso pa woweruza ndi mkulu wa imvi amene sanayendetsepo galimotoyo. Ng'ombe zake ndi malata a nyumba yake ndizo ziwerengedwa. Kuwonjezera apo, kupeza phindu mwa kunama ndi mlandu wa upandu m'malamulo a dziko lino.

Nkoyenera kunena kuti kubwereka mbale galimoto kuti atengere wodwala ku chipatala si chinyengo, malinga ali ndi laisensi ndipo pangano likuloleza. Ndiponso olakwa si eni galimoto okha. Alipo ogulitsa inshuwalansi amene, pothamangira gawo lawo, amadzaza okha fomu ya Chingerezi nauza munthu wosadziwa chiyankhulocho kuti angosaina. Tsoka lake nlakuti wosainayo ndiye amayesedwa mwini mawu onse olembedwawo. Amene akuona kuti kampani yamukanira popanda chifukwa ali ndi kodandaula: ofesi ya woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo otere.

Galimoto ikasintha manja kapena ntchito pakati pa chaka, mwini wake ayenera kudziwitsa kampani polemba kalata, kulipira ndalama zowonjezera, ndi kusunga lisiti pamodzi ndi pepala latsopano lokhala ndi dzina la dalaivala weniweni. Galimoto yonyamula anthu olipira imafunikanso chilolezo cha ntchitoyo kuchokera ku nthambi yoona za pamsewu, ndipo dalaivala wake amafunika chiphaso chapadera choyendetsera anthu. Wapaulendo amene waima pa siteji ya Liwonde kapena ya Balaka sangawerenge pangano la inshuwalansi, koma nambala ya galimoto akhoza kuiona asanakwere: yololedwa kunyamula anthu imakhala ya malemba ofiira pa chitsulo choyera, pamene ya malemba akuda pa chikasu ndi ya pakhomo.