Kuyesa Aphunzitsi pa Nchito ya Kompyuta

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'boma la Chongwe

Mphunzitsi ayesa ana ace masiku onse. Tsono nthawi yafika yakuti iyenso ayesedwe pa nzeru za kompyuta. Funso lalikulu ndi lakuti adzayesedwa motani.

M'caka ca 2014 phunziro la kompyuta linalowa m'Giredi 8. Pofika mayeso oyamba a Giredi 9 mu November 2015, m'sukulu zambiri ana anadikira makina owerengeka kufikira usiku, kwina magetsi nathima. Cocitikaco cinaonetsa kusowa kwa makina. Koma kuwerenga makina nkwapafupi. Cobvuta ndico kudziwa cimene mphunzitsi akhoza kucita nao.

Njira yofulumira ndiyo pepala lofunsa kuti, "Kodi mudziwa kompyuta?" Wamanyazi abvomera poopa kusekedwa, wodzicepetsa akana, cinkana tsiku ndi tsiku atumiza ndalama ndi makalata pa foni yace. Pepala lotere liyesa mtima wa munthu, manja ace osawaona.

Muyeso woona ndiwo nchito. Mphunzitsi alembe mayeso nawasunge pamene adzawapezanso mawa. Alowetse malikisi a ana nawaonkhetse. Afune phunziro pa intaneti, nazindikire ngati liri loona kapena labodza. Koposa zonse, aphunzitse kalasi lodzaza ndi makina amodzi, napitirize phunzirolo magetsi atathima, monga anathimira kawiri-kawiri m'cilala ca 2024. Malangizo a UNESCO a 2018 nawonso awerengera kaphunzitsidwe pamodzi ndi luso la makina.

Woyesa akumbukirenso cilungamo. Mphunzitsi wa kumudzi kopanda magetsi sayenera kuikidwa pa sikelo imodzi ndi mnzace wa ku Lusaka popanda kufunsa kuti anagwira kompyuta kangati. Ndipo wopezeka woperewera athandizidwe, asacititsidwe manyazi. Pakuti woopa manyazi abisa umbuli wace, ndipo amene alipira ndiye mwana. Akulu anati safunsa anadya phula.

Thandizo siliri kutali. Chalimbana, m'boma lino lomwe, yasula aphunzitsi kuyambira 1939. Komanso pa sukulu iri yonse, wodziwa akhale pansi ndi wosadziwa ora limodzi pa sabata, kuti woyesa akadzabwera adzapeze manja ozolowera kale.