Kapakiridwe ka Katundu m'Ngolo Yokokedwa ndi Galimoto

Nkhani ya lero ikukhudza ngolo zimene zimakokedwa kumbuyo kwa galimoto. Ngolo zotere zilipo zamitundumitundu. Ilipo kalavani, imene ili ngati kanyumba koyenda kokhala ndi bedi, mbaula ndi thanki ya madzi. Alendo ochokera ku South Africa amabwera nayo kudzaona nyanja ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay. Ilipo ngolo yonyamulira boti, ndiponso ngolo yapululu imene mlimi kapena wamalonda amatutira chimanga, feteleza ndi simenti. Zonsezi zimamvera lamulo limodzi: kuchuluka kwa katundu kumagwetsa ngolo, koma malo amene katunduyo waikidwa amaigwetsa msanga koposa.

Mlimi amene ali ndi ngolo ya ng'ombe amalidziwa kale lamuloli. Akaunjika matumba kumbuyo kwa magudumu, mtengo wokokera umanyamuka, goli limakwera m'mwamba, ndipo zingwe zimatsamwitsa ng'ombe pakhosi. Akawaunjika onse kutsogolo, goli limapsinja makosi, ng'ombe n'kumayenda mowerama mpaka kutuluka zilonda. Mlimi wanzeru amaika katundu pamwamba pa magudumu, n'kumusendezako pang'ono kutsogolo, kuti goli likhazikike. Ngolo ya galimoto ndi chimodzimodzi, kungoti ng'ombe zimayenda mwachifatse pamene galimoto imatha makilomita 80 pa ola limodzi. Cholakwa chimene pa ng'ombe chimabala chilonda, pa galimoto chimabala maliro.

Kutsogolo kwa ngolo kuli chitsulo chokokera chimene chimavala kampira kachitsulo ka kumbuyo kwa galimoto. Ku Ulaya ndi kuno kummwera kwa Africa kampirako kamakhala ka mamilimita 50 m'mimba mwake. Kulemera kumene ngolo imatsamira nako pa kampirako Angerezi amakutcha kulemera kwa mphuno, pomwe ku America amati kulemera kwa lilime. Ku America amalangiza kuti kukhale magawo 10 mpaka 15 pa magawo 100 aliwonse a kulemera kwa ngolo yonse pamodzi ndi katundu wake. Mabungwe a eni makalavani ku Britain amalangiza magawo 5 mpaka 7, pakuti makalavani ndi magalimoto akumeneko anapangidwa mosiyana, ndiponso lamulo lawo sililola wokoka ngolo kupitirira mamailosi 50 pa ola pa msewu wamba, kapena mamailosi 60 pa misewu ikuluikulu. Onsewo amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mphuno isapepuke. Mwachitsanzo, ngati ngolo ndi katundu wake zikulemera makilogalamu 600, pa magawo 10 mphuno iyenera kulemera makilogalamu 60, ndiko kuti thumba limodzi la chimanga ndi kanthu pang'ono pamwamba. Komabe kulemeraku kusapyole malire amene opanga galimoto ndi opanga chokokera analemba m'buku kapena pa kachitsulo kokhomedwa pomwepo.

Nanga mphuno ikapepuka chimachitika n'chiyani? Ngolo imanyamula kumbuyo kwa galimoto, matayala akumbuyo sagwiranso msewu mokwanira, ndipo ngoloyo imayamba kupita uku ndi uku ngati mchira wa ng'ona. Pa liwiro lochepa kugwedezekaku kumazirala kokha. Koma ngolo iliyonse ili ndi liwiro lake limene likapyoledwa, kugwedezeka kumangokulirakulira mpaka ngolo itatembenuza galimoto yoikoka. Choyambitsa chake chimakhala chaching'ono: dzenje la pamsewu, mphepo ya mwera yowomba cham'mbali, kapena basi yodutsa mothamanga. Ngolo yopakiridwa molakwika imayamba zimenezi pa liwiro limene ngolo yopakiridwa bwino ikadayendabe mosatekeseka.

Mphuno ikalemeretsa, vuto limabwera lina. Kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, kutsogolo kumanyamuka. Tsono matayala akutsogolo ndiwo amakhotetsa galimoto, ndiwonso amagwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Akapepukidwa, chiwongolero sichimveranso mwini wake, ndipo usiku nyali zimathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo.

Kuyeza mphuno sikufuna makina odula. Ngolo iimikidwe pamalo athyathyathya, magudumu atsekedwe ndi miyala kapena zipika. Pansi pa chokokera paikidwe sikelo yoyezera anthu, pa sikelopo kathabwa, pa kathabwapo mtengo wolimba wodulidwa bwino kuti chokokera chikhale pa msinkhu umene chimakhala chikamangidwa ku galimoto. Nambala imene sikelo yaonetsa ndiyo kulemera kwa mphuno. Ikachepa, katundu asendezedwe kutsogolo. Ikachuluka, abwezedwe pang'ono pamwamba pa magudumu. Pamene palibe sikelo, munthu amene wanyamula mphuno ya ngolo yodzaza ndi dzanja limodzi mosavuta adziwe kuti zinthu sizili bwino.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu osamala. Munthu akaona kuti mphuno yalemeretsa, amatenga chinthu cholemera n'kukachiika kumapeto kwenikweni kwa ngolo kuti sikelo ionetse nambala yabwino. Sikelo imavomera, koma ngolo yaipiratu. Aliyense amene anasenzapo mtolo wa nsungwi zazitali amadziwa kuti ukayamba kuzungulira pamutu, kuuimitsa n'kovuta, pamene thumba la ufa lolemera chimodzimodzi limatembenuka pamodzi ndi wolisenza. Akatswiri a pa yunivesite ya Bath ku England anayesa zimenezi ndi galimoto ndi ngolo yeniyeni, ndipo mu 2009 anafalitsa zimene anapeza: kukhazikika kwa ngolo kumadalira kwambiri kulemera kwa mphuno, malo amene magudumu ali, ndi kutalikira kwa katundu wolemera kuchoka pakati pa ngolo.

Motero kapakiridwe koyenera ndi aka. Katundu wolemera, monga matumba, batire, zitsulo zogwirira ntchito ndi zakudya za m'zitini, akhale pansi penipeni, pamwamba pa magudumu kapena patsogolo pake pang'ono. Ambiri amatsata muyeso wakuti pa magawo 10 a katundu, magawo 6 akhale kutsogolo kwa magudumu, magawo 4 kumbuyo. M'makabati a m'mwamba a kalavani mulowe zopepuka zokha, monga zovala ndi zofunda. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zilingane, kuopa kuti tayala limodzi lingasenze zonse n'kuphulika. Chilichonse chimangidwe ndi zingwe kapena malamba olimba, pakuti thumba limene lasendera kumbuyo pokwera chitunda lasintha kale kulemera kwa mphuno. Madzi asanyozedwe: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mgolo wa malita 200 uli ngati matumba 4 a chimanga, ndipo ukakhala wosadzaza, madziwo amakhavuka n'kumakankha ngolo pa kona iliyonse. Munthu asakwere m'kalavani pamene ikuyenda.

Kulemera kwa ngolo yonse nakonso kuli ndi malire. Ku Britain ndi ku South Africa ngolo yopanda mabuleki akeake siloledwa kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu, ndiponso siyenera kuposa theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda kanthu. Ngati ngolo payokha ikulemera makilogalamu 250, ndiye kuti malo otsala ndi a matumba 10 okha a makilogalamu 50. Ku South Africa laisensi ya B imalekeza pa ngolo ya makilogalamu 750, ndipo yoposa pamenepo imafuna laisensi ya EB. Wokoka ngolo muno m'Malawi afunse ku ofesi ya Road Traffic za laisensi ndi ziphaso zoyenera asananyamuke. Safunsa anadya phula.

Ulendo usanayambe, mwini ngolo aone mpweya wa m'matayala akadali ozizira. Matayala a kalavani amakalamba chiimire padzuwa, n'kumang'ambika m'mbali mapazi ake akadali atsopano. Pa tayala pamalembedwa manambala 4 onena za nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ku Britain amalangiza kusintha matayala a kalavani akatha zaka 5. Aonenso ngati chokokera chatsekeka pa kampira, ngati unyolo wotetezera wakoledwa, ndiponso ngati nyali za mabuleki ndi zokhotera zikuyaka. Akayenda kamtunda pang'ono aime, akoke zingwe zonse, akhudze pakati pa magudumu. Pamene patentha modabwitsa pali vuto.

Misewu ya dziko lino ili ndi zitsetso zosafuna masewera, monga Chiweta pa msewu wa M1, Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndi chitsetso chochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Pa chitsetso ngolo imakankha galimoto, ndipo kugwedezeka kumayamba mosavuta. Dalaivala achepetse liwiro ndi kulowetsa giya yaing'ono akadali pamwamba, kuti injini imuthandize kugwira galimoto, mabuleki asatenthe.

Ngolo ikayamba kugwedezeka, mantha amauza munthu kuti aponde mabuleki mwamphamvu kapena alimbane nayo ndi chiwongolero, ndipo zonse ziwirizi zimakulitsa ngozi. Ena amati aonjezere liwiro kuti ngolo iwongoke. Kumeneko ndi kuthira mafuta pamoto. Choyenera ndi kugwira chiwongolero molunjika ndi manja onse awiri, kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, ndi kulola galimoto ichepetse yokha liwiro mpaka ngolo itakhazikika. Akapeza malo abwino aime, atsitse katundu, apakirenso mwatsopano, pakuti ngolo imene yagwedezeka kamodzi yanena kale chimene chalakwika.

Kupakiranso kumatha theka la ola, mwinanso ola lathunthu, ndipo apaulendo amadandaula kuti dzuwa likupita. Koma m'galimotomo muli ana, pamsewupo pali apanjinga ndi oyenda pansi amene sadziwa kuti m'ngolomo katundu waikidwa motani. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.