Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegula Msonkhano wa Ophunzitsa Antchito pa Intaneti ku Kabwata

 

Mu March 2020, Covid-19 itafika mu Zambia, ambiri a ife tinathamangira ku Zoom. Inenso ndinali momwemo. Ndinkayankhula maola awiri athunthu, makamera onse otseka, ndikafunsa funso kunali zii! Ena anali atasiya foni patebulo n'kupita kukavundula nsima. Masatifiketi tinagawa, koma Lolemba lotsatira ntchito inagwiridwa monga kale. Antchito sindiwanena. Tinangonyamula kalasi yotopetsa n'kuithira mu kompyuta.

Aphunzitsi, pokonza phunziro muziona m'maganizo mayi wa ku Chelstone amene ndi kashiya m'tauni. Amadzuka kusanache, n'kupanikizana mu minibasi ya mu Great East Road mpaka pa siteshoni ya Kulima Tower. Laputopu alibe. Ali ndi foni yosweka galasi, ndi bandulo imene amaisunga ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, ankachita kutchaja foniyo kuntchito chifukwa kunyumba magetsi ankabwera anthu atagona. Mayi ameneyu musamupatse vidiyo ya ola lathunthu. Mupatseni mphindi 10, mawu oti afike pa WhatsApp, amvere ali mu basi, m'Chinyanja kapena m'Chibemba ngati ndi chimene chimamufika pamtima. Phunzirolo limufunse za pakauntala pake: kasitomala wabwera ndi K100 yokayikitsa, mzere wafika pakhomo, muchita chiyani? Ayankhe, alakwitse, mumuwongolere tsiku lomwelo, mawa mubwere ndi lina. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tsopano kwa inu mabwana. Kuyambira 2017 mumalipira Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro a antchito anu, yothandiza maphunziro a luso kudzera ku bungwe la TEVETA. Ndiye mukudziwa kale kuti luso lili ndi mtengo wake. Nanga bwanji wantchito azigula yekha bandulo, n'kuphunzira usiku ana akulira? Mugulireni, mumupatsenso nthawi mkati mwa ntchito. Sabata yotsatira kapitawo wake akaime pambali pake, aone ndi maso ngati manja asintha. Lipoti lonena kuti anthu onse analowa pa intaneti musakhutire nalo.

Ndikukupemphani kuti musanatuluke muno, aliyense asankhe phunziro limodzi lalitali la kuntchito kwake, alidule, akaliyese pa foni yotchipa mwezi uno usanathe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.