Zimene zili m'thumba la feteleza

Alimi anzanga a ku Chileka ndi ku Lirangwe, tisanalowe m'munda wathu wophunzirira tiyambe taona zolembedwa pathumba la feteleza. Pa wobereketsa pamalembedwa 46% N. Pa wokulitsa uja timati chitowe pamalembedwa 23:21:0+4S, ndipo pa matumba ena a masiku ano mupeza 23:10:5+6S+1.0Zn. Ambirife timalipira ndalama zankhaninkhani osadziwa kuti manambalawa akunena chiyani, chikhalirecho ndiwo akutiuza chimene tagula.

Chinthu chilichonse, kaya dothi, madzi, mpweya kapena thupi lathuli, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Mitundu ya maatomu imene ikudziwika ilipo 118, ndipo mtundu uliwonse umatchedwa elementi. Mbewu zathu zimafuna mitundu yosakwana 20. Zilembo za pathumba zija ndi mayina a ina mwa mitunduyi: N ndi nayitirojeni wobiriwitsa masamba, P ndi fosiforasi wothandiza mizu, K ndi potaziyamu wolimbitsa mbewu, S ndi salufa, Zn ndi zinki.

Maatomu a mitundu yosiyana akagwirana zolimba, pamabadwa chinthu chatsopano chosafanana ndi makolo ake. Chimenechi ndiye kompaundi. Mchere wa m'ndiwo ndi sodiyamu ndi kolorini. Payekha sodiyamu amatha kuyaka akakhudza madzi, payekha kolorini ndi mpweya wapoizoni, koma akagwirana timathira m'nkhwani n'kudya bwinobwino. Urea nayenso ndi kompaundi ya maelementi anayi: nayitirojeni, kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni. Mlingo wake susintha, kaya wapangidwa dziko liti. N'chifukwa chake thumba la Urea weniweni la makilogalamu 50 limakhala ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23. Thumba lomwelo la chitowe lili ndi makilogalamu 11 ndi theka basi. Choncho amene wabereketsa ndi chitowe poti ndi yemwe anatsala m'nyumba, wapatsa chimanga chake theka la nayitirojeni.

Chodabwitsa n'chakuti nayitirojeni amene timamugula modulayu ali ponseponse. Pa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi nayitirojeni. Koma mumpweya maatomu ake amagwirana awiriawiri mwamphamvu kwambiri moti chimanga sichingawalekanitse. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anapeza njira yomugwirizanitsa ndi hayidirojeni, ndipo mafakitale a Urea amatsata njira imeneyo mpaka lero. Imafuna moto ndi mphamvu zambiri, n'chifukwa china feteleza amakwera mtengo gasi akadula kunja. Nandolo, mtedza ndi soya zimagwira ntchito yomweyo mwakachetechete. Zulani mtedza muone timatuza ta kumizu: muli tizilombo tokoka nayitirojeni wa mumpweya. Katuza kogwira ntchito mukakaswa kamakhala kofiirira mkati.

Tsopano msakanizo. Apa zinthu zimangokhala pamodzi osagwirana, ngati chimanga ndi mankhusu m'lichero, ndipo mutha kuzilekanitsa popeta, posefa kapena posungunula m'madzi. Dothi ndi msakanizo, manyowa ndi msakanizo. Feteleza wina wokulitsa, amene timibulu take n'tosiyana mitundu, ndi msakanizonso. Thumba likagwedezeka pa njinga kuchokera ku msika wa Lunzu kapena wa Lirangwe, timibulu tating'ono timatsikira pansi. Khuthulirani pa chiguduli chouma, sakanizani, kenako muzithira.

Akamberembere nawo amadziwa za msakanizo, n'chifukwa chake amathira mchenga kapena timiyala m'feteleza, makamaka wogulitsa pa mbale. Tiyesa pompano gulu lililonse. Tengani botolo loonekera mkati, thirani madzi, ikani masupuni awiri a Urea, khutchumulani. Urea weniweni amasungunuka yense, ndipo mukagwira botolo mumva kuti lazizira. Mchenga susungunuka, ukhala pansi poonekera. Kuyesaku n'kwa Urea. Wokulitsa, ngakhale wabwino, amatha kusiya zotsalira pang'ono, ndiye musathamangire kumunena wogulitsa kuti ndi wakuba musanaonetse alangizi.

Kompaundi imathanso kusweka, ndipo apa ndi pamene ambiri timatayira ndalama. Urea akagwa pa dothi lachinyezi amasanduka amoniya, mpweya wa fungo loboola m'mphuno ngati la m'khola la mbuzi. Akakhala pamtunda, kunja kukutentha monga kumatenthera kuno ku Lirangwe ng'amba ikagwa mu Januwale, amoniyayo amauluka. Chimanga chimakhalabe chachikasu, mwini munda n'kumati feteleza wa chaka chino ndi wabodza. Boolani dzenje ndi kamtengo pambali pa phando, thirani, kwirirani. Mphindi zokwirira zija n'zotopetsa msana, ndikudziwa, koma n'zotchipa kuposa thumba lina.

Phulusa limafulumizitsa kuthawa kwa amoniya. Inu amene mumapanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza, thumba la pulasitiki lija limangidwe ndithu pa masiku onse 21, lisabooke. Fungo lamphamvu mukalimva panja pa thumba, dziwani kuti ndi nayitirojeni wanu akupita.

N'chimodzimodzi kutentha mapesi. Moto umaswa makompaundi a m'phesi: nayitirojeni ndi salufa wambiri zimapita ndi utsi, potaziyamu ndi kashiyamu n'kutsala m'phulusa limene mphepo ya mu Okutobala imamwaza. Mapesi okwiriridwa kapena ophimbira nthaka amaola pang'onopang'ono n'kubwezera zakudyazo m'munda momwemo.

Tikhale m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse litenge botolo, madzi ndi feteleza amene mwabweretsa kuchokera kunyumba, ndipo mlembi alembe zimene ziti zitsale pansi pa botolo.