Arkibishopu Milingo ndi Nkhondo ya Mashawe

Lero tikamba za nkhondo yosaoneka ndi maso, imene Akhristu amati amamenyana ndi mizimu yoipa.

Agogo anu akumkumbukira Emmanuel Milingo, mwana wa ku Chipata, amene anakhala Arkibishopu wa Lusaka mu 1969. Mu 1973 anayamba kupempherera odwala mashawe, nthenda imene anthu amati munthu wagwidwa ndi mzimu wachilendo. Kufikira nthawi imeneyo, Mkhristu wa mashawe ankazembera kwa sing'anga usiku, Lamulungu n'kukhala duu m'tchalitchi, pakuti ansembe ambiri achizungu ankayesa zonsezo zam'mutu chabe. Milingo anawamvetsera anthuwo, nawasanjika manja m'dzina la Yesu. Khamu linasefukira.

Koma mabishopu anzake anada nazo nkhawa, namuletsa mapempherowo. Mlanduwu ngwovuta, ophunzira. Wokana kuti munthu akuzunzika amamthamangitsira kwa sing'anga. Koma wonena kuti malungo onse n'chiwanda amamchedwetsa kuchipatala, ndipo mwina chala n'kuloza nkhalamba yosalakwa. Kwa ine, choopsa kwambiri n'chachiwirichi.

Mu 1982 Milingo anaitanidwa ku Rome, ndipo mu 1983 anatula udindo wa ku Lusaka. Kumeneko Ataliyana nawonso anamuunjikira kuti awapempherere. Mu 2006 Mpingo wa Katolika unamchotsa, atadzoza amuna anayi okwatira kukhala mabishopu popanda chilolezo cha Papa.