Nkhokwe ya Mphakati: Tisonkhe Nthawi ya Masika



Njala ya kwathu kuno imabwera pa nthawi yodziwika. Mu Meyi ndi Juni tonse timadya mokhuta, ena n'kugulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wozizira. Pofika Januwale ndi Febuluwale, agogo olera ana amasiye amagona ndi njala, mwana wa sukulu n'kumawodzera m'kalasi. Ife tinaona njala ya 2002 sitinaiwale: anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi.

Tsono pempho langa ndi ili: banja lililonse lipereke ndowa imodzi ya chimanga ku nkhokwe ya mphakati panopa tikukolola. Amene muli ndi nyemba, nandolo kapena mtedza, bweretsani. Amene simunakolole mokwanira, bwerani ndi manja anu. Pali ntchito yopeta, kuyanika, kuthira mankhwala a anankafumbwe, ndi kusanja matumba pa mitengo kuti asatenge chinyezi.

Tisankhe anthu atatu osunga makiyi, pakati pawo pakhale amayi. Ndowa iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe m'kaundula, ndipo kaundulayo aziwerengedwa pamaso pa tonse mwezi uliwonse. Pogawa tisayang'ane chibale, chipani kapena mpingo. Tiyang'ane mphika wa munthu.

Yosefe anapulumutsa Ejipito chifukwa anasunga tirigu pa zaka 7 za zokolola zochuluka. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Lamulungu likudzali, tikumane pano ndi ndowa zathu.