Gitala Yamagetsi Yamphako: Yotchipa ndi Yodula

Ena mwa inu, kaya ku Lilayi kaya ku Kabwata, munapangapo banjo ya chitini cha mafuta ndi mawaya. Munaona kuti waya payekha salira kwambiri. Chimene chimakuza mawu ake ndi mphako ya chitinicho. Gitala imene tiphunzire lero ili ndi mphako yotere, koma ilinso ndi pikapu, ndiko kuti maginito okulungidwa ndi kawaya kamkuwa. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, m'kawayamo mumabadwa mphamvu yamagetsi imene ampulifaya imaisandutsa mawu aakulu. Nsambo za nayiloni maginito sazimva konse.

Kampani ya Gibson, ku America, inatulutsa gitala yotere, ES-150, m'chaka cha 1936. Vuto lake linali lakuti woimba akakweza mawu, mphakoyo inkanjenjemera nawo mpaka gitala nkumalira yokha ngati mluzu. Tsono mu 1958 anapanga ES-335, naika thabwa lolimba pakati pa mphako kuti phokosolo lichepe. Epiphone, kampani imene Gibson anaigula mu 1957, masiku ano imapanga magitala a maonekedwe omwewo pa mtengo wotsika kwambiri.

Nanga ndalama zambirizo zimagula chiyani? Musamvere wogulitsa wokuuzani kuti yotchipa ndi yamatabwa omatiza pamene yodula ndi yathabwa limodzi, pakuti ES-335 nayonso thupi lake ndi lamatabwa opyapyala omatiza. Kusiyana kuli pa pikapu, pa tizitsulo tokungira nsambo, ndiponso pa luso la mmisiri wosalaza khosi lake. Zoona, yodula imasunga mawu ake nthawi yaitali. Koma kwa sukulu imene ikusonkha ndalama movutika, ine ndikuona kuti yotchipa yosankhidwa bwino njokwanira.

Aphunzitsi, posankha yang'anani khosi monga mmisiri ayang'anira thabwa, likhale lowongoka. Nsambo zikatalikira kwambiri, zala za mwana zidzapweteka, ndipo adzagwa ulesi. Kenaka lizani nsambo yosagwira, muilizenso mutadinikiza pa mzere wa 12. Mawu achiwiriwo akhale omwe aja, kungoti okwera. Akasemphana, uzani wogulitsa aikonze musanalipire.

Pajatu Paul Ngozi ndi a gulu la WITCH, amene anagwedeza Zambia m'zaka za m'ma 1970, timawakumbukira chifukwa cha zala zao.

Mukagula, musaisiye padzuwa la mu Okutobala kapena pachinyontho cha dzinja, chifukwa mtengo umapindika ndipo guluu amamatuka. Ikhale m'bokosi lake mu ofesi ya aphunzitsi aakulu.